Fodya Wako ndi Amene Ali Pamphuno

Akuluakulu amene adasula mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ankadziwa bwino kanthawi kochepa kamene kamakhala pakati pa kutsina fodya ndi kumufwenkha. Nkhalamba imatsegula kabotolo kake, n'kugogodera pang'ono pachikhatho, n'kutsina ndi zala ziwiri. Kuchoka pachikhatho kufika pamphuno si ulendo wautali, koma mwera ukawomba pomwepo, kapena mdzukulu wothamanga akagunda chigongono, fodya uja wapita. Ndiye ankatichenjeza kuti tisamawerengere chuma chimene sichinalowe m'nyumba: ngongole imene mnzako walonjeza kubweza mwezi ukatha, chimanga chimene chidakali m'munda, mbuzi imene idakali m'mimba mwa mayi wake. Chako ndi chimene chafika.

Mwambiwu sukayikira n'komwe kuti pamphuno ndiye pofikira. Fodya akafika apo ulendo watha, ndipo palibenso amene angakulande. Zaka zapitazi ndakhala ndikuubwereza mumtima chifukwa ndaona anthu amene analandidwa pamphuno penipenipo. Mphuno ilipo, siyotsekeka, mpweya ukulowa ndi kutuluka bwinobwino, koma fungo silikumveka, ndipo chakudya m'kamwa changokhala chinthu chotafuna basi.

Matenda a Covid-19 anapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, koma ambiri tinazindikira ukali wake mu Januwale 2021, pamene nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo uthenga wa maliro unkangolowa pafoni usana ndi usiku. Mwezi womwewo ndi umene azakhali anga anadwala. Sanagonekedwe m'chipatala. Kunali kutentha thupi, kuphwanya m'nkhongono ndi kachifuwa kouma, ndipo patapita masiku anadzuka n'kuyambanso kusesa pabwalo. Koma m'mawa wina akusamba anaona kuti sopo sakununkhira. Anatenga mafuta odzola, chimodzimodzi. Anapita kukhitchini, n'kutsegula botolo la parafini, n'kuliika pamphuno penipeni: zii.

Aliyense amene anamva ankawayankha mawu amodzi. "Bola muli moyo, mayi." Iwonso ankavomera, chifukwa zinali zoona. Anzawo a kutchalitchi ena anali atapita. Ndani angadandaule za mphuno pa nthawi imene anthu akusowa mpweya?

Kumwamba kwenikweni kwa mphuno, m'kati, cha pakati pa maso, kuli kachigamba ka mnofu wonyowa kamene kali ndi timitsempha mamiliyoni. Fungo lililonse, kaya la maluwa kaya la kudzala, ndi tizidutswa tosaoneka touluka mumpweya. Tikafika pakachigambako timagwidwa, ndipo uthenga umadutsa m'timabowo ta fupa lopyapyala lolekanitsa mphuno ndi ubongo. Mu 1991 Linda Buck ndi Richard Axel a ku America anapeza mmene timitsemphati timasiyanitsira fungo lina ndi linzake, ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2004. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya zogwirira fungo zimenezi, ndipo fungo limodzi, monga la nyama pamoto, limakhudza mitundu yambiri nthawi imodzi. Ubongo ndi umene umaphatikiza zonsezo n'kukuuza kuti kwa aneba akuwotcha mbuzi. Ofufuza a ku Harvard anaonetsa mu 2020 kuti kachilombo ka Covid-19 kamagwira makamaka maselo oyandikana ndi timitsemphato, amene ntchito yawo ndi kusamalira kachigamba konse. N'chifukwa chake anthu ambiri fungo linawabwerera m'masabata ochepa: osamalira aja akachira, ntchito imayambiranso. Koma mwa ena kutupa kumakhalitsa, timitsempha timawonongeka, ndipo masabata amasanduka miyezi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya madokotala ya BMJ anayerekeza kuti pafupifupi anthu 5 mwa 100 alionse amene anataya fungo chifukwa cha matendawa amakhala ndi vutoli kwa nthawi yaitali. Azakhali anga anagwera m'gulu limeneli.

Chimene chinawapweteka koyamba ndi chakudya. Ambirife timaganiza kuti kukoma ndi ntchito ya lilime, koma lilime palokha limadziwa zinthu zochepa kwambiri: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama kapena wa bowa kumene wasayansi wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anakufotokoza mu 1908 n'kukutcha umami. Zina zonse ndi fungo, limene limakwera kuchokera kummero kupita kumphuno pamene tikutafuna. Yesani kutseka mphuno ndi zala, n'kuika chidutswa cha gwafa m'kamwa. Mumva kutsekemera ndi kuwawasa pang'ono, mumva njere zolimba, koma gwafayo simumudziwa mpaka mutachotsa zala. Tsopano ganizirani zalazo zitakhala pamphuno chaka chathunthu. Mpunga wa Kilombero, umene umadziwika ndi kafungo kake usanaphulidwe n'komwe, umafanana ndi mpunga wina uliwonse. Chambo ndi mlamba zimasiyana minga yokha. Kambuzi amangowotcha m'kamwa, kununkhira kumene timamukondera kulibe.

Kwa mayi amene dzina lawo m'dera linali kuphika, uku sikunali kuchepa kwa chisangalalo chabe. Pa zinkhoswe, pa maukwati, pa maliro, azakhali ndi amene ankaima pa mphika waukulu. Sankayeza kanthu. Ankangoweramira nthunzi n'kunena kuti anyezi wapsa, thirani tomato. Ankadziwa ali pakhomo kuti nyemba zayamba kugwira pansi. Luso lonselo linali m'mphuno, ndipo iwo eni ake sankadziwa. Ndinawapeza tsiku lina atakhala pampando kukhitchini, mthiko uli m'manja, nkhwani wotendera atapserera mpaka utsi kutuluka pazenera. Anali pomwepo, mtunda wa dzanja limodzi kuchokera pamphikawo, akusankha mpunga. Anazindikira pamene maso anayamba kuthetha.

Patapita miyezi ingapo fungo linayamba kubwerera, koma linabwera lopotoka. Madokotala amati kusamva fungo konse ndi anosmia, ndipo kumva fungo lolakwika ndi parosmia. Amene akumana nazo zonse ziwiri ambiri amanena kuti yachiwiriyi ndiyo yozunza. Anyezi wokazinga ankawanunkhira ngati chinthu chowola. Nyama yowotcha, mazira, khofi, ngakhale mankhwala otsukira mano, zonse zinali ndi fungo limodzi lonyansa limene iwo ankalephera kulifotokoza. Nthawi zina ankati ndi tayala lopsa, nthawi zina ankati ndi ngalande. Ambiri mwa akatswiri amakhulupirira kuti zimenezi zimachitika pamene timitsempha tina tamera koma tina sitinamere, kotero ubongo ukulandira uthenga woperewera ndipo ukuumasulira molakwa. Ofufuza a ku yunivesite ya Reading ku England anapeza kuti m'khofi muli tizinthu tochepa tafungo lamphamvu kwambiri timene timayambitsa nseru imeneyi, ndipo tambiri mwa ito timapangika chakudya chikakazingidwa kapena kuwotchedwa. Tsono ndiwo zathu zambiri zimayambira pa mafuta otentha ndi anyezi. Madzulo, nthawi imene nyumba zonse za mumzere zikukazinga, azakhali ankatseka mawindo n'kukagona atafunda kumutu.

Apa m'pamene matenda a m'mphuno anasanduka nkhani ya pagulu. Kwathu kuno chakudya si cha mimba yokha. Mlendo akakana nsima, mwini nyumba amadzifunsa kuti walakwa chiyani. Pa chinkhoswe china azakhali analandira mbale, n'kutsina nsima yokha kawiri katatu, n'kukankhira ndiwo kwa mwana amene anali pafupi. Manong'onong'o sanachedwe. Ena anati mayiwa ayamba kunyada chiyambire ana awo kugwira ntchito m'tauni. Ena anati akuopa kudyetsedwa mankhwala. Pamene thupi linayamba kutsika, chitenje n'kumazungulira mopitirira pamene chinkathera kale, kunabwera nkhani zina zimene aliyense wa m'dziko muno akuzidziwa, zimene zimatsata munthu aliyense amene waonda popanda chifukwa chooneka.

Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, bwanji osangowauza anthuwa chimene chikukuvutani?"

Anati, "Ndiwauze kuti chiyani, mwanawe? Kuti nyama yawo ikununkha? Anzanga aika amuna awo m'manda, ine ndiziima pagulu n'kumalira mphuno?"

Ndinawamvetsa, koma sindinagwirizane nawo, ndipo mpaka pano sindigwirizana ndi maganizo oti chisoni chaching'ono chizikhala chete chifukwa pali chachikulu. Wamasiye akalira mwamuna wake, sizichotsa kanthu pa ululu wa mayi amene wakhala chaka osamva kukoma kwa chakudya chilichonse. Munthu amadya katatu patsiku, ndipo katatu patsiku amakumbutsidwa chimene wataya. Madokotala m'mayiko ambiri aona kuti anthu otaya fungo kwa nthawi yaitali amagwidwa kawirikawiri ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Sindidabwa nazo. Wakhungu timamugwira dzanja, wolumala mwendo timamupatsa mpando, koma wosamva fungo amaoneka wabwinobwino, ndipo akatchula vuto lake ena amaseka, n'kumuuza kuti ali ndi mwayi chifukwa sazimvanso za m'minibasi. Wonenayo sadziwa kuti munthuyu amasamba katatu patsiku poopa kuti mwina akununkha thukuta ndipo anthu akungomuchitira ulemu osamuuza.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene akanawatsegulira, chifukwa palibe amene ankadziwa kuti akumva ululu. Tsiku lina pa msonkhano wa amayi a Mvano, nthawi ya zopempherera, azakhali anaimirira n'kufotokoza zonse mwachidule: kuti chiyambire kudwala kuja sakumva fungo, kuti zakudya zina zimawachititsa nseru, kuti akakana ndiwo asawaganizire zoipa. Anandiuza kuti mawu ankanjenjemera. Potuluka, amayi awiri anawatsatira padera, aliyense payekha, kuwauza kuti nawonso zili chomwecho. Mmodzi anali atabisira ngakhale amuna ake, n'kumangopirira kudzudzulidwa kuti masiku ano ndiwo zikumachuluka mchere.

Kuyambira pamenepo banja linayamba kuwabwereka mphuno. Kamdzukulu kawo ka ku pulayimale ndi kamene kanapatsidwa udindo. M'mawa kamanunkhiza mkute, nyemba zogona ndi mkaka, makamaka magetsi akakhala kuti anazima usiku, ndipo kakagwedeza mutu chakudyacho chimatayidwa popanda mtsutso. Kumsika azakhali amayang'ana maso a nsomba ndi kudina mnofu ndi chala, koma sapita okha. Mphika ukakhala pamoto amatchera belu pafoni. Silinda ya gasi imene ana awo anawagulira inakhala nkhawa yapadera, chifukwa gasi wophikira alibe fungo lakelake. Lija timamvali amachita kuthiramo dala kuti anthu azidziwa akamatuluka, ndipo chenjezo limeneli kwa iwo kunalibe. Anaphunzira kupaka madzi a sopo polumikizira paipi n'kuyang'ana ngati pakutuluka thovu, ndi kutseka silindayo nthawi zonse akamaliza kuphika. Za mbaula ndinenepo apa, ngakhale kuti zikukhudza aliyense: mpweya wakupha wotuluka m'makala ulibe fungo ngakhale kwa munthu wa mphuno yakuthwa, ndipo kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa Juni kwapha anthu amene mphuno zawo zinali bwinobwino.

Mchere unafunika kuuyang'anira. Munthu akasowa kukoma amathamangira kumene lilime likumvabe, ndipo dzanja limalemera pa mchere ndi shuga osazindikira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, yomwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo azakhali ali kale ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mayi amene moyo wawo wonse ankathira mchere ndi zala anayamba kuyeza ndi supuni. Poyamba ankachita nazo manyazi pamaso pa atsikana amene iwo anawaphunzitsa kuphika.

Miyezi yoyamba ija maso awo anali pa fodya wapachala: fungo limene linapita, ndi fungo limene ankayembekezera kuti libwera mawa. Ankadzuka m'mawa uliwonse n'kuthamangira kununkhiza sopo, n'kukhumudwa tsiku lisanayambe. Kusintha kunabwera pamene anayamba kufunsa funso lina, loti kodi chatsala n'chiyani. Ndipo zotsala zinalipo ndithu. Kuwawasa ankakumva bwino, choncho malambe, bwemba, chidede ndi mandimu zinalowa m'nyumba mwamphamvu. Kuwotcha kwa tsabola ndi kwa jinja ankakumvanso, chifukwa kumeneko kumayenda mumtsempha wina, uja umene umanyamula kukhudza ndi ululu wa kumaso, umene umakutulutsa misozi ukamadula anyezi. Ankamva kuterera kwa therere, kukhutchuka kwa kabichi wosaphika, kulimba kwa nkhoko za pansi pa mphika, kuzizira kwa thobwa logona mumtsuko ndi timibulu take totsalira pa lilime. Mango osapsa othira mchere ndi tsabola, amene kale ankaletsa ana kuti awononga mano, anakhala chakudya chawo chapamtima. Ndiwo anayamba kuziphika mobwatitsa, opanda kukazinga, ndipo anapeza kuti chakudya chikazizira pang'ono fungo loipa lija limachepa, chifukwa nthunzi ndi imene imalinyamula. Nsima sinawakane tsiku ndi limodzi lomwe. Amati pa zonse zimene Mulungu anawasiyira, amathokoza kwambiri kuti nsima ilibe fungo lamphamvu.

Sindikunena kuti zimenezi zinalowa m'malo mwa zimene zinatayika. Sizinalowe. Koma munthu amene akudya ali ndi mphamvu yodikira, ndipo thupi lawo linayamba kubwerera.

Malangizo nawo ankabwera kuchokera kumbali zonse. Wina anati adonthezere madzi a ndimu m'mphuno, wina anati alowetsemo adyo, wina anati anunkhize petulo kapena mankhwala otsukira m'chimbudzi kuti mphuno idzidzimuke. Zonsezi zikhoza kupsereza kachigamba kamene kakuyesetsa kuchira. Gogo wina wa mumzere, mwa chikondi chenicheni, anawabweretsera fodya wake kuti afwenkhe. Anafwenkha, n'kuyetsemula mpaka misozi, ndipo gogoyo anasangalala kuti mphuno yatseguka. Koma kuluma kwa fodya kumayenda mumtsempha womwe uja wa tsabola. Fungo la fodyalo sanalimve.

Chimene chili ndi umboni ndi chinthu chofatsa kwambiri. Mu 2009 dokotala wa ku Dresden m'dziko la Germany, Thomas Hummel, pamodzi ndi anzake, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anthu otaya fungo ankanunkhiza zinthu zinayi kawiri patsiku kwa masabata 12: duwa la rozi, bulugamu, ndimu ndi zokometsera zotchedwa clove. Ena mwa iwo, osati onse, anayamba kumva bwino kuposa anzawo amene sanachite zimenezi. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti kupitiriza kwa miyezi yambiri, ndi kusinthasintha zonunkhizazo, kumathandiza koposa. Chinsinsi chake n'chakuti timitsempha ta fungo tili m'gulu la mitsempha yochepa m'thupi la munthu imene imatha kumera yatsopano moyo wonse. Zili ngati tchire lopsa ndi lupsa: pamwamba pali phulusa lokhalokha, koma mizu ili moyo, ndipo msipu ukayamba kuphuka suphuka tsiku limodzi kapena mofanana paliponse.

Azakhali anatsuka timabotolo tinayi ta mankhwala totha. Mu kena anaikamo khungu la ndimu, mu kena masamba a bulugamu ofikisa, mu kena clove wogula ku Limbe, ndipo mu kachinayi anaikamo kachidutswa ka sopo amene akhala akusambira kuyambira utsikana wawo. M'mawa akamaliza kupemphera, ndi madzulo asanagone, amakhala pamphepete mwa bedi n'kutsegula kamodzikamodzi. Sakoka mpweya mwamphamvu. Amanunkhiza pang'onopang'ono kwa masekondi pafupifupi 20, atatsinzina, akuyesa kukumbukira mmene chinthucho chinkanunkhirira kale, kenaka n'kupuma asanatenge kena. Ndinawaonerapo akuchita zimenezi pa nthawi imene sankamva kalikonse. Mayi wamkulu, tsitsi la imvi, akununkhiza botolo limene kwa iwo linali lopanda kanthu, tsiku ndi tsiku, osaphonya. Ndinafunsa ngati satopa nazo. Anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaigwedeza imabwerera m'chigoba." Ndimu ndiye anayamba kumveka, patali kwambiri, kwa kanthawi, n'kuzimiriranso kwa masabata.

Pali zina zimene timabotolo sitingabwezere msanga, ndipo za izi azakhali salankhula kawirikawiri. Uthenga wa fungo umafika mwachidule ku mbali za ubongo zosunga zikumbukiro ndi zomva mumtima, n'chifukwa chake kafungo kamodzi kamatha kukubwezera zaka makumi anayi m'mbuyo usanaganize n'komwe. Amayi awo a azakhali, agogo anga, ankafwenkha fodya. Anamwalira kalekale, ndipo palibe chithunzi chawo chimene chinatsala. Azakhali anandiuza kuti kale akakhala pafupi ndi nkhalamba yofwenkha fodya m'minibasi kapena pamaliro, fungo la fodya losakanikirana ndi utsi wa nkhuni pansalu linkawabweretsera amayi awo athunthu, mawu ndi kaseka komwe. Sankachita kuwafuna, ankangofika. Tsopano kuti awakumbukire amachita kukhala pansi n'kuyesetsa, ndipo nkhope imabwera mosakwanira. Pamene mdzukulu wawo wamng'ono anatuluka m'chikuta, anamunyamula, n'kuika mphuno pamutu pake monga amachitira mayi aliyense, kenaka n'kumubwezera kwa mayi wake mofulumira, n'kutuluka panja. Mvula ya chizimalupsa itagwa chaka chimenecho, ana onse anathamangira pabwalo akufuula za fungo la dothi. Iwo anaima pakhonde n'kufunsa kuti, "Likumveka kwambiri?"

Chisoni choterechi chilibe mwambo wake. Palibe amene amabwera kudzapepesa, palibe tsiku lometa. Chimene achibale tingachite, monga ndaonera, ndi kukhulupirira munthuyo akanena, osamufunsa tsiku lililonse ngati zabwerera, ndiponso osakwiya akakana chakudya chimene taphika ndi mtima wonse. Tingathenso kumuuza mwachikondi, patokha, ngati malaya akufunika kuchapa, chifukwa kudziwa kuti pali wina amene angakuuze zoona kumachotsa mantha ambiri kuposa kusamba katatu.

Covid-19 anangoonetsa poyera vuto limene linalipo kale. Chimfine wamba chimatha kuchita zomwezi. Tinyama tomera m'mphuno timatseka njira ya fungo, ndipo timeneti madokotala amatha kutichepetsa ndi mankhwala opopera kapena kutichotsa. Ukalamba umachepetsa fungo pang'onopang'ono, ndipo agogo ambiri amene timawanena kuti ayamba kusankha zakudya kwenikweni sakumva kukoma. Nthawi zina kutha kwa fungo kumatsogolera matenda a Parkinson zaka zingapo manja asanayambe kunjenjemera. Ndiye pali kuvulala m'mutu, kumene kwachuluka chibwerere njinga zamoto za kabaza m'misewu yathu. Mutu ukamenyetseka pansi, ubongo umagwedezeka m'chigaza, ndipo timitsempha tija todutsa m'timabowo ta fupa timatha kuduka. Mnyamata amatuluka m'chipatala mabala atapola, aliyense n'kumathokoza, ndipo pamapita masabata asanazindikire chifukwa chake chakudya sichikumukomera. Amene fungo lamuthawa popanda chimfine, kapena mphuno imodzi yokha ndi imene yatsekeka, kapena mukutuluka magazi, asayambe ndi timabotolo. Ayambe ndi chipatala. Madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ndi ochepa m'dziko muno, koma alipo, monga ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo chipatala cha m'dera chikhoza kukutumizani.

Lero azakhali amamva ndimu, bulugamu, parafini ndi utsi, ndipo kumva utsi kokhako kwawabwezera tulo. Khofi anamusiya. Anyezi wokazinga adakali wopotoka, ngakhale kuti sawathamangitsanso m'nyumba. Mpunga wa Kilombero amati tsiku lina umamveka, tsiku lina ayi. Anabwerera pa mphika waukulu wa pa zinkhoswe, koma tsopano amaima ndi mtsikana pambali amene amawauza za nthunzi, iwo n'kumalamula za moto, madzi ndi nthawi.

Chaka chatha mwana wa aneba awo, woyendetsa kabaza, anagwa pa njinga alibe chipewa. Atachira, mayi ake anabwera kudzadandaula kuti mnyamatayo wayamba mwano, akukankha mbale, akuti ndiwo zonse n'zozizira m'kamwa. Azakhali anamuitanitsa, n'kumupatsa khungu la ndimu kuti anunkhize. Mnyamatayo ananunkhiza, n'kuwayang'ana, n'kununkhizanso. Azakhali anawauza mayi akewo kuti si mwano, ndipo kuti abwerere naye kuchipatala akafotokoze za mphuno, chifukwa tsiku la ngozi aliyense ankayang'ana magazi okha. Atabwerako anamutsukira timabotolo take tinayi. Mnyamatayo sakhulupirira kwenikweni, ndipo azakhali sanamulonjeze kanthu, popeza kuvulala m'mutu kumachira movuta kuposa kwa kachilombo. Anangomuuza kuti azibwera nato kwawo madzulo aliwonse akaweruka, kuti azinunkhizira limodzi, chifukwa payekha asiya sabata isanathe. Anamuuzanso kuti pobwera azivala chipewa.